Kanati Kamene Kanachedwetsa Che Amidu

Sadaka ya Che Amidu tinadya Lamulungu lapitali kwawo kwa akazi awo, kuseri kwa Boma. Mbuzi inagwa, mpunga unakwanira, ashehe anapemphera, koma ine mbale yanga ndinaisiya yosatha. Kuno kwathu mwamuna akamwalira amabwerera kwa amayi ake, kukagona pakati pa mbumba yake. Che Amidu kwawo kunali kwa Nchema, kumene kuli manda a amayi awo ndi a mlongo wawo. Iwo tinawaika kuchikamwini, pakati pa anthu a eni, chifukwa a kwawo sanatume munthu kudzapempha thupi. Zaka zawo zonse zomaliza anakhala akudikira kuti Yusufu, mwana wa mlongo wawoyo, awakhululukire, awatsegulire njira ya kwawo. Anapita akudikirabe. Ndipo mlandu wonsewo unayambira pa kanati ka buleki, kochepa ngati nsonga ya chala.

Ine ndine telala. Makina anga akhala pakhonde la sitolo imodzimodzi pa Chiradzulu Boma kuyambira nthawi ya chipani chimodzi, ndipo galaja ya Che Amidu inali pambali pomwepo. Tinakalamba tikuyang'anizana, iwo Myao wa kumzikiti, ine Mlomwe wa kutchalitchi. Dzina langa ankalidziwa bwino, koma sindikumbuka tsiku limene analitchula. Kwa iwo ndinali “a telala” basi.

Tinkakangana pafupifupi tsiku lililonse. Akayatsa injini utsi unkathamangira pa nsalu za makasitomala anga, ine n'kuyamba kulalata. Ine ndikagula mbewa zapampani iwo ankanyamula mpando wawo kukaukhazika kutali, akupukusa mutu, akuti Mulungu anapatsa Alomwe manja abwino koma anawamana mphuno. Matumba a mkanjo wawo ndinawasoka mpaka ndinatopa, chifukwa ankaikamo tizitsulo ngati mwana wotola miyala. Ndikawauza kuti thumba si bokosi la zida ankandiyankha kuti telala wodziwa ntchito sadandaula ndi nsalu. Madzulo tinkamwa tiyi m'ketulo imodzi, mkangano n'kuusungira mawa.

Anali wamfupi, wa ndevu zotuwa, wosaseka msanga. Munthu akabwera ndi sipeya yatsopano, moni unkayamba wadikira. Funso loyamba linali lakuti yakale ili kuti. Ankati chitsulo chakale ndicho chimadziwa kwawo, ndipo wopita ku Limbe kukagula chatsopano osanyamula chakale akungokawona tawuni. Nati iliyonse ankayamba kuipota ndi zala, atatsinzina, ngati munthu wosankha nyemba mumdima. Sipanala inkabwera pomaliza. Ankati sipanala ilibe manyazi, imakakamiza ngakhale zosakwatirana.

Za mabuleki ndinaziphunzira mosafuna, chifukwa ankazifotokozera aliyense woima pafupi, ndipo woima pafupi nthawi zambiri ndinali ine. Pansi pa galimoto pamadutsa timapaipi tachitsulo, toonda ngati phesi la udzu, totenga mafuta a buleki kupita nawo ku matayala. Kumapeto kwa paipi kumakhala kanati kabowo komangira paipiyo pamalo pake. Kale, m'masiku a malole a Angerezi, manati ake anali amtundu umodzi, oyezedwa m'mainchesi. Matipate atabwera, magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito a ku Japan anasefukira m'misewu, ndipo awo manati ake ndi a mamilimita. Ukaziika pachikhatho n'zofanana ngati mapasa. Choopsa chake n'chakuti ya inchesi imalowa m'bowo la milimita mosavuta, n'kumaoneka ngati yamanga, pamene mazinga ake, timizere topota tija, angogwirana kunsonga. Ikhoza kukhala mwezi, ikhoza kukhala chaka. Tsiku limene dalaivala waponda buleki ndi mphamvu zake zonse, pamtsetse, galimoto itadzaza, ndi tsiku limene imafwamphuka, mafuta n'kutayika, phazi n'kungofika pansi. Palinso kukamwa kwa paipi: kwina kumafutukuka ngati fanulo, kwina kumatupa ngati kamutu ka bowa, ndipo kulikonse kuli ndi nati yake. Zonsezi Che Amidu ankazimva m'zala.

Koma ndisawapake mafuta chifukwa choti anamwalira. Munthuyu anali wovuta. Sankakhulupirira dzanja la wina aliyense. Amene ankabwera kudzaphunzira ntchito ankathawa mvula isanagwe kawiri, chifukwa nati imene wamanga iwe ankaimasula n'kuimanganso okha iwe ukuona. Madalaivala a matola ambiri anawathawira kwa amakaniko atsopano a kumsika, omwe paipi ikabooka ankangoiphwanya ndi hamala, kapena kuikulunga ndi malegeni, galimoto n'kubwerera pamsewu tiyi asanazizire. Ine ndinkawauza kuti adzafa ndi njala atakumbatira manati awo. Ankangoti ngozi imene sinachitike ilibe mboni, ndiye wokonza mabuleki asamadikire kuthokozedwa.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankawafewetsa: Yusufu. Bambo ake a Yusufu anapita ku Joni osabwerako, ndipo Che Amidu, monga mwini mbumba, anamulera ngati wawo. Anamuphunzitsa kuyendetsa galimoto pabwalo la mpira. Yusufu atakula, atagwira ntchito ku maesiteti a tiyi, anagula pikapu yoyera ya ku Japan kuti aziyendetsa matola. Tsiku limene anafika nayo, Che Amidu anaizungulira, anaigwira apa ndi apo, kenako anabwera pakhonde panga kudzandifunsa ngati kwathu kwa Alomwe kuli mwana amene anagulapo ngakhale wilibala. Sindinawaonepo akunyada ngati tsiku limenelo.

Mlongo wawo, Abiti Saidi, amayi ake a Yusufu, anadwala m'chilimwe china, nyengo yogulitsa nandolo, n'kugonekedwa pachipatala cha pa Boma pompano. Sabata yomweyo paipi ya buleki ya kutsogolo pa pikapu ija inabooka, itadyeka ndi dzimbiri. Lachinayi Che Amidu anaikweza galimotoyo pamiyala, anadula paipi yatsopano, koma nati yakale inali itaphwanyika m'mbali, ndipo mwa manati onse a m'zitini zawo munalibe yofanana nayo. Yusufu ankapita ku Limbe kukagula zofunika za wodwala, ndiye anamupatsa yakaleyo kuti akayerekezere. Mwana wa eni mutu unali kwa amayi ake. Nati anaiiwala pampando wa galimoto, n'kukagula ya m'maso.

Lachisanu m'mawa Abiti Saidi anatisiya.

Anzathu Achisilamu sagoneka maliro. Mwambo unali woti thupi lifike kwa Nchema, azimayi alisambitse, aliveke nsalu yoyera, ndipo amuna akatuluka m'mzikiti masana akaike. Dzuwa lisanakwere, pagalaja panadzaza abale. Ankafuna pikapu inyamule thupi pamodzi ndi onse amene akanakwana kumbuyo. Che Amidu anachokera kuchipatala maso ali psuu, n'kulowa pansi pa galimoto ndi nati imene anagula Yusufu. Ine ndinasiya makina, ndinaima pafupi. Ndinawaona akuipota ndi zala, akuibweza, akuipotanso. Kenako anatuluka.

“Iyi si yake,” anatero.

“Koma yalowatu, atsibweni,” anatero Yusufu. “Ndaona ndi maso angawa.”

“Yalowa, koma ikugwedera. Ndi ya inchesi.”

“Mangani choncho. Ndiyenda pang'onopang'ono. Tikabwerako kumaliro mudzasintha.”

“Pamtsetse wa kumlatho paja palibe pang'onopang'ono, mwanawe. Anthu onsewa akhala kumbuyoko.”

Mkulu wina wa kwa Nchema anati paipiyo angoiphwanya ndi hamala monga amachitira anzawo, galimoto iyende ndi mabuleki otsalawo. Che Amidu sanamuyang'ane n'komwe. Anati maliro amodzi akwana. Anapempha kuti awadikire, athamangire ku Limbe, dzuwa lisanafike pamutu akhala atabwera, ndipo mlongo wawo apita kwawo pa galimoto ya mwana wake, osati ya munthu wina.

Apa ndinalowererapo. “Che Amidu, inu ndinu mwini maliro. Khalani ndi achemwali anu. Ndipatseni yakaleyo, ndipite ine.”

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. “A telala, inu mukandibweretsera batani.”

Anatola nati yakale pampando paja. Kenako anachita chinthu chimene Yusufu sanachiiwale: anasolola paipi yatsopano ija, naipinda bwinobwino, naitenga pamodzi ndi kiyi, kuti wina asamange iwo atachoka. Anachita zimenezi pamaso pa anthu onse, kwa mwamuna wandevu zake amene amayi ake anali atangomwalira kumene. Yusufu anangotembenuka n'kubwerera kuchipatala.

Za ku Limbe Che Amidu anandiuza kamodzi kokha, patapita zaka. Minibasi inachedwa kudzaza pa Boma. Atafika analowa sitolo ndi sitolo, akupota nati iliyonse ndi zala pa kachitsulo koyesera kamene ananyamula, ndipo zonse zinali za inchesi, kapena zazifupi, kapena za kukamwa kwina. Wina anawalozera sitolo ya mmwenye imene inkasunga za magalimoto a ku Japan. Anafika akutseka chitseko. M'chisoni chawo anali ataiwala kuti linali Lachisanu, iwo amene moyo wawo wonse Lachisanu masana sankagwira sipanala. Anatsatira mwini sitoloyo kumzikiti, napemphera kumbuyo kwake, akumuona msana, akudziwa kuti nthawi imeneyo ndi imene kwa Nchema amuna anayenera kufola kuti anyamule mlongo wawo. Sitolo itatsegulidwa nati inapezeka. Inalowa ngati inabadwira momwemo.

Kuno anthu anadikira mpaka kutentha kunayamba kuopsa. Kenako anapempha lole ya munthu wogula nandolo, anayala matumba opanda kanthu, nagonekapo Abiti Saidi. Ndinaiona ikudutsa, Yusufu atakhala kumbuyo, atagwira m'mphepete mwa mphasa kuti mphepo isaivundukule.

Che Amidu anatsika minibasi dzuwa litapendeka. Anapeza pagalaja pali zii, pikapu ili pamiyala paja. Ndinawathamangira.

“Anapita kalekale pa lole. Kwerani njinga ya kabaza, mwina mukawapeza asanakwirire.”

Ngati anandimva, sindikudziwa. Anavula chipewa, anagona chagada, nalowa pansi pa galimoto. Ndinapsa mtima kwambiri moti ndinafuna kuwakoka miyendo. Patapita kanthawi ndinamva mawu kuchokera pansipo.

“A telala, lowani mukhale pampando. Ndikati popani, muziponda buleki. Ndikati gwirani, musachotse phazi.”

Paipi ikasinthidwa mumalowa mpweya, ndipo umayenera kutulutsidwa tayala ndi tayala, wina akuponda, wina akumasula pansi. Ndinaponda. “Popani. Gwirani. Siyani.” Tinazungulira matayala onse, osadumpha ndi limodzi lomwe. Pa tayala lomaliza mawu awo anasintha, ndipo ndinazindikira kuti munthu akulira pansi pa galimoto, koma kuitana sanasiye. Buleki inalimba pansi pa phazi langa ngati mwala.

Titaitsitsa pamiyala, ndinakwera nawo ulendo wa kwa Nchema. Pamtsetse wa kumlatho anaponda, buleki inagwira bwinobwino. Kumbuyo kunali kopanda munthu, kumangolira zitsulo.

Tinafika kwa Nchema amuna akuchokera kumanda, fumbi lili m'miyendo. Pa mwambo wawo, m'bale wamwamuna ndiye amatsikira m'manda kukalandira thupi ndi kuligoneka moyenera. Yusufu anatsika, koma pamalo pa atsibweni ake panatsika munthu wa mudzi wina, amene sankadziwa ngakhale dzina la ubwana la malemuwo. Anthu ataona pikapu anaima. Yusufu anabwera pang'onopang'ono mpaka pawindo.

“Atsibweni, galimotoyi mwaibweretsa kuti inyamule ndani?”

Pali mawu ambiri amene munthu akanayankha pamenepo. Che Amidu anatuluka, anatambasula dzanja ndi kiyi, nati, “Buleki ili bwino tsopano.”

Ndinafuna nthaka indimeze. Ndikudziwa kuti pakamwa pawo panalibe mawu ena, kuti m'mawu amenewo munali kupepesa konse kumene ankatha. Koma amene anamva sanamve zimenezo. Yusufu analandira kiyi, nawatembenukira msana. Kusiwa, azimayi atamva kuti Che Amidu afika, kulira kunasanduka kunyoza. Tinabwerera wapansi.

Zoyankhula sizinachedwe. Ena anati munthu wothawa manda a mlongo wake akudziwapo kanthu pa imfayo. Ena anati anakhwimira galaja. Nkhani za mbumba anayamba kukambirana popanda iwo: maukwati, malire a minda, maliro ena, zonse ankangozimvera kumsika. Anapitako kangapo ndi ashehe kukapepesa, koma ankawalandira ngati alendo, kuwayalira mphasa pabwalo, Yusufu n'kupezeka kuti wachoka. Amati chibale ndi fupa, sichiola. Mwina n'zoona, koma ine ndinaliona fupalo litathyoka.

Tsiku lina ndinamupeza Yusufu pa siteji ndi kumukokera pambali. Ndinamuuza kuti galu wamkota sakandira pachabe, kuti nati ija ikanatha kupha anthu onse aja, iye yemwe pamodzi.

“A telala,” anatero, mosakweza mawu, “mwina tikanagwera mumtsinje, mwina tikanafika. Ine sindikudziwa, inunso simukudziwa. Chimene ndikudziwa n'choti amayi anga anapita ngati thumba la nandolo, ndipo anawalandira m'manda ndi mlendo, achimwene awo ali m'sitolo.”

Mpaka lero ndikaiganiza nkhaniyi ndimapeza kuti onse awiri ankanena zoona, ndipo zimenezi n'zimene zimandipweteka.

Che Amidu anasintha. Utsi wa injini ukabwera pa nsalu zanga ankapepesa, ndipo ine ndinkalakalaka akanandilalatira ngati kale. Chaka cha njala chija ntchito inachepa, tinkangokhala awiri kuyang'ana msewu. Ndi masiku amenewo pamene ndinalimba mtima kuwafunsa ngati akanamanga nati ija, zikanakhala kuti tsikulo labwereranso.

“Sindikanamanga,” anatero. “Ngakhale lero sindingamange. Koma ku Limbe ndikanatuma inu.”

“Ndikanabweretsa batani.”

“Eya. Galimoto ikanakhala pamiyala, ine ndikanaika mlongo wanga.”

Pambuyo pake maso awo anachita ng'ala. Ankagwirabe ntchito ndi zala, ndipo madalaivala ena achikulire ankabwerabe pa nkhani ya mabuleki yokha. Matenda omaliza sanawagoneke nthawi yaitali. Ndinakawaona kunyumba, ndipo anandifunsa ngati uthenga wa matenda awo unafika kwa Nchema. Ndinati unafika. Anafunsa ngati kwabwera yankho. Akazi awo anatuluka panja, ine ndinayamba kukamba za mvula. Pamaliro Yusufu anabwera, anaima kumbuyo kwa anthu, anaponya dothi lake n'kuchoka asanalankhule ndi wamasiye.

Pagalaja tsopano palibe kanthu. Malata a kashedi anakafolera khola la nkhuku, zida anagawana ana awo, zitini za manati anagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Kumene ankaimika magalimoto odikira kukonzedwa anthu a kumsika akutayako zinyalala, ndipo m'mbali mwake mwamera chisoso. Pakati pokha, pamene oyilo analowa m'nthaka zaka zonsezo, ndi pamene udzu ukukana kumera. Ndikadzutsa mutu pamakina, maso amathamangira pamenepo okha, ndipo tiyi wa madzulo ndinasiya kuphika chifukwa ketulo ndi yaikulu.

Pikapu ija ikadali pamsewu, yachita dzimbiri, chitseko chimodzi amamanga ndi chingwe. Zaka zonse za mkwiyo Yusufu ankati akafika apa n'kuponda moto, nkhope atayang'ana kwina. Chiikireni maliro, akafika pagalaja amachepetsa liwiro, n'kuima m'mbali mwa msewu, injini ikulira. Satsika, sandipatsa moni, amangoyang'ana pamalo pouma paja, phazi lili pa buleki. Dzulo anaimanso, galimoto itadzaza anthu ndi madengu a tomato. Mayi wina kumbuyo anagogoda padenga n'kufunsa ngati pali wotsika. Yusufu anati palibe.